Kupala Moto ndi Kukopera Nyimbo

Mwezi uno tikambirane za kanthu kakang'ono, kosaposa chikhadabo cha chala, kamene kalowa m'nyumba zambiri masiku ano, ndiko memory card ya m'foni kapena ya m'wailesi. M'kanthu kameneka mumalowa nyimbo mazanamazana. Mwana wanu akapita kumsika apeza mnyamata ali m'kanyumba ndi kompyuta yake, ampatsa ndalama pang'ono, ndipo asanamalize kudya nzimbe yake kakhadi kaja kadzala ndi nyimbo za makwaya, za oyimba a ku Balaka, za ku Zambia ndi za maiko akutali. Ntchito imeneyi anyamata amaitcha kubena. Pofika kumudzi mwanayo agawira mnzake pa Bluetooth, mnzakeyo atumizira alamu ake a ku Lilongwe pa WhatsApp, ndipo sabata isanathe nyimbo imene inatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi yafika m'makomo osawerengeka. Tsono mwa ndalama zonse zimene zasintha manja pa ulendo umenewu, ndi zingati zafika kwa iye amene anapeka nyimboyo? Kawirikawiri palibe ngakhale tambala imodzi.

Ndidziwa chimene ambiri a inu mudzayankha, ndipo sindiliyesa yankho lopusa. Mudzati: "Kodi ife taba chiyani? Wakuba mbuzi asiya khola lili pululu, ndipo mwini mbuzi akadzuka m'mawa agwira njakata. Koma tikakopera nyimbo, mwini wake akali nayo. Kuli ngati kupala moto. Mayi akapala moto kwa mnansi wake, moto wa mnansiyo suchepa, ndipo palibe mfumu imene inaweruzapo mlandu wa kupala moto." M'mawu amenewa muli choonadi. Ife tinaleredwa m'mwambo wakuti chakudya samana, wakuti kupatsa n'kuika. Ndipo nyimbo za pamtondo, za paukwati ndi za pamaliro palibe munthu anaziikapo mtengo. Ndicho chifukwa chake anthu abwino, amene sangatole ngakhale dzira la nkhuku ya mnzawo, amakopera nyimbo mtima uli zii.

Koma taonani bwino fanizo la motolo. Mayi wopala moto amayamba waodira, ndipo mwini nyumba ndiye amati, "Palani, anzanga." Komanso mwini nyumbayo sadyera moto, nsima ya ana ake ichokera kumunda. Woyimba amene wajambula chimbale ali pena. Tiyeni titsate kwaya imodzi, monga zilili kwaya zambiri zimene muzidziwa. Miyezi yambiri amakumana madzulo atatopa ndi khasu, kubwereza nyimbo imodzimodzi mpaka mawu atagwirana. Kenaka asonkha ndalama: wina agulitsa thumba la chimanga, wina apita kuganyu, amayi ena akongola ku banki m'khonde. Alipira galimoto yowatengera ku situdiyo, alipira wojambula pa nyimbo iliyonse, alipira woyimba zing'wenyeng'wenye, agula chakudya cha panjira, ndipo akafuna kuti nyimbozo zionekenso pa kanema, alipiranso wina. Zonsezi achita ndi chiyembekezo chimodzi, chakuti anthu amene adzakonda nyimbozo adzagula, ndipo ngongole idzabwezedwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kope loyamba la nyimbo limadya chuma chonsecho ndi thukuta lonselo. Kope lachiwiri, ndi lachitatu, ndi lachikwi, silidya kanthu. Wobena uja sanasonkhe nawo, sanagone ndi njala panjira, koma ndiye amene alandira ndalama ya mwana wanu. Nyimbo ikadali m'manja mwa kwaya, inde, koma wogula wapita. Chimene chatengedwa ndi malipiro a ntchito. Ndipo inu nonse mudziwa kuti kumana waganyu malipiro ake si mlandu wochepa, ngakhale khasu lake mwamubwezera lili lonse.

Mkangano umenewu si wa lero. Anthu a ku Ireland ali ndi nthano ya makolo awo yonena za Columba woyera, amene anabwereka buku la Masalmo kwa mphunzitsi wake Finnian, nalikopera mobisa usiku ndi dzanja lake. Finnian atamva anati kopelo ndi lake. Columba anati iyayi, pakuti buku lenileni silinachepe ndi tsamba limodzi lomwe. Mlandu unafika kwa mfumu Diarmait, ndipo mfumuyo inagamula monga woweta ng'ombe: mwana wa ng'ombe amatsata mwini wa make, chimodzimodzinso kope litsate mwini buku. Nkhaniyi inalembedwa patapita zaka mazana ambiri, tsono tiilandire monga nthano. Koma taonani kuti ngakhale munthu woyera anaganizapo monga muganizira inu za kupala moto, ndipo mfumu inaona mwina.

M'masiku a Columba kukopera kunali ntchito ya miyezi. M'masiku a makolo athu, amene ankabwera ndi galamafoni kuchokera ku migodi, mbale sinali kukopereka m'mudzi konse, ikasweka, yasweka. Makaseti atafika, anthu anayamba kukopera pa wailesi za makomo awiri, koma kope la kaseti linali kutsika mawu, ndipo kope la kope linali kulira ngati mvula pa malata, kotero kuti wofuna nyimbo yomveka bwino ankagulabe yeniyeni. Ndi chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 oyimba a ku Balaka, kumene Alleluya Band inayambira mu 1978, ndi ena onga malemu Lucius Banda, ankatha kupeza phindu looneka pogulitsa makaseti. Kope la pa kompyuta ndi la mtundu wina: lachikwi limamveka chimodzimodzi ndi loyamba, ndipo limatheka m'kuphethira kwa diso. Mitima ya anthu sinaipe kuposa kale ayi. Mpanda umene unkateteza munda wa woyimba ndiwo unagwa.

Nanga lamulo likuti bwanji? Mu 1886 maiko anapangana mumzinda wa Berne, ku Switzerland, kuti wolemba buku kapena wopeka nyimbo azitetezedwa kwawo ndi kunja komwe, ndipo Malawi analowa m'pangano limeneli mu 1991. Dziko lathu linapanga lamulo la umwini wa ntchito zaluso mu 1989, bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi linayamba mu 1992, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Mutu wake ndi wosavuta. Amene wapeka nyimbo ndiye mwini wake, ngakhale ali mlimi wosavala nsapato. Iye ndiye aloleza kuti ichulukitsidwe, igulitsidwe, iulutsidwe pa wailesi kapena iyimbidwe m'malo a malonda. Umwini umenewu ukhala moyo wake wonse, ndipo akamwalira upitirira zaka zina 50 m'manja mwa olowa m'malo mwake. Ndiye kuti nyimbo ndi chuma chamasiye, monga munda wa nthochi kapena khola la ng'ombe. Nyumba zoulutsa mawu ndi eni malo a malonda amene amaseweretsa nyimbo ayenera kulipira ku COSOMA, ndipo bungwelo limagawira eni nyimbo.

Musaganize kuti lamuloli ndi louma mtima. Sililetsa munthu kuyimba. Mayi wosinja, mwana wowetera mbuzi, banja loyimba madzulo pakhonde, onsewa alibe mlandu ndi munthu. Limalolanso munthu kudzikoperera nyimbo yoti azimvera yekha m'nyumba mwake. Ndipo pofuna kuti eni nyimbo asaluze pa kukopera kotereku, paikidwa msonkho pa mafoni, makompyuta ndi zosungiramo nyimbo zolowa m'dziko, umene ndalama zake zimagawidwa kwa aluso kudzera ku COSOMA. Nyimbo za makolo, zimene palibe adziwa anaziyamba, lamulo limaziyesa chuma cha mtundu wonse, ndipo kuziyimba pa miyambo yake sikuletsedwa. Nyimbo zakale zimene eni ake anamwalira kalekale nazonso ndi za aliyense. Nyimbo ya Khirisimasi yotchedwa Stille Nacht, imene maimbidwe ake anapeka Franz Gruber ku Austria mu 1818, ilibenso woilipiritsa, pakuti Gruber anamwalira mu 1863. Koma chenjerani apa: kwaya ikajambula lero nyimbo yakale yoteroyo, nyimboyo ndi ya onse, koma chojambulidwacho chili ndi eni ake, amene anayimba ndi amene analipira situdiyo.

Kuti muone kulemera kwa chuma chimenechi, ndikuuzeni mbiri ya munthu mmodzi wa ku South Africa, dzina lake Solomon Linda. Anali Mzulu wobadwira kumudzi, m'chigawo cha Natal, mu 1909, wosaphunzira kwambiri sukulu, amene anapita ku Johannesburg (kumene makolo athu ankati ku Joni) kukafuna ntchito monga anachitira amuna ambiri a kuno. Masana ankagwira ntchito, ndipo madzulo ndi kumapeto a sabata ankayimba ndi anzake, gulu lotchedwa Evening Birds. Mu 1939 analowa m'situdiyo ya kampani ya Gallo najambula nyimbo yotchedwa Mbube, ndiko kunena mkango m'Chizulu. Nyimboyo inakondedwa kotero kuti m'zaka ngati khumi mbale zake zinagulidwa pafupifupi 100,000, ndipo mtundu wonse wa mayimbidwe otere unayamba kutchedwa mbube. Amene analondola mbiri yake amati Linda analandira masheleni 10, umwini wa nyimbo n'kupita ku kampani. Tisamseke, munthu wosauka amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo panalibe womuuza kuti chimene akugulitsacho ndi munda wobala zaka zonse. Iye anapitiriza kugwira ntchito yolongedza mbale pa kampani yomweyo.

Mbale imodzi inaoloka nyanja n'kufika ku America, m'manja mwa woyimba wotchedwa Pete Seeger. Iyeyo sanamve bwino mawu a Chizulu, naitcha nyimboyo Wimoweh, ndipo gulu lake la The Weavers linaijambula kumayambiriro a zaka za m'ma 1950. Pa mbale yawo, pamalo a wopeka, panalembedwa Paul Campbell, dzina la munthu amene kunalibe, limene ankaligwiritsa ntchito polandira malipiro a nyimbo zoyesedwa zopanda mwini. Ndifuna muimirire pamenepa, pakuti maganizo awo anali ofanana ndi athu: nyimbo ya ku Africa, ya m'midzi, ndani angati ndi yake? Seeger mwini, atadziwa za Linda, anamtumizirako ndalama, ndipo pa chimenecho timuyamike. Koma zinali ngati dontho m'nyanja. Mu 1961 George David Weiss anaikamo mawu a Chingerezi, gulu la The Tokens linaijambula pa dzina la The Lion Sleeps Tonight, ndipo inakhala nyimbo yoyamba pa zogulidwa m'dziko la America. Chaka chotsatira, mu 1962, Solomon Linda anamwalira ndi nthenda ya impso, ali wosauka kotero kuti panapita zaka 18 banja lake lisanathe kuika mwala pamanda pake.

Nyimboyo sinafe naye. Inayimbidwa ndi magulu ochuluka m'zilankhulo zambiri, ndipo mu 1994 inalowa m'kanema wa ana wa kampani ya Disney wotchedwa The Lion King, pamene ana a Linda anali kukhala movutika ku Soweto. Mu 2000 mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, analemba mbiri yonseyi m'magazini ya Rolling Stone, nayerekeza kuti nyimboyo inali itapindulitsa ena madola pafupifupi 15 miliyoni. Pomwepo akatswiri a malamulo anafukula lamulo lakale la Angerezi la mu 1911, limene linkagwiranso ntchito ku South Africa pa nthawi imene Linda anagulitsa nyimbo yake. Lamulolo linkati umwini wogulitsidwa ubwerere kwa olowa m'malo a wopeka pakapita zaka 25 iye atamwalira. Mlandu unalowa m'khoti mu 2004, ndipo mu 2006 kampani ya Abilene Music, imene inkasunga umwini wa nyimboyo, inavomera kulipira banja la Linda ndi kuti dzina lake lilembedwe pakati pa opeka. Chilungamo chinafika, koma chinapeza mwini wake atagona m'manda zaka zoposa 40.

Mwina wina adzati: "Amenewo anali makampani a mamiliyoni, ine ndi kafoni kanga ndingafanane nawo bwanji?" Simufanana nawo, ndipo sindifuna kukusenzetsani mlandu woposa msinkhu wake. Amene anadyera Linda anali njovu zolowa m'munda usiku umodzi. Ife tili ngati anankafumbwe: aliyense adya kanjere kamodzi, palibe amva phokoso, koma mwezi wa Januwale mwini nkhokwe akatsegula apeza fumbi lokhalokha. Ndipo pali chinthu china chowawa. Woyimba wa ku America sadzamva kuti nyimbo yake yabenedwa pamsika wa kwanu. Amene amva ululu ndi wapafupi, amene ogula ake ndi inu nokha basi: kwaya ya parishi yoyandikana, mnyamata wa bangwe kapena wa gitala amene mumamudziwa make.

Kunena zoona, oyimba ena masiku ano amagawa okha nyimbo zawo zaulere, pa intaneti ndi pa WhatsApp, kuti dzina lawo limveke ndipo anthu adzabwere ku zoyimbaimba zawo kapena adzawaitane paukwati. Amenewo ati, "Palani moto," ndipo wogawa nyimbo zawo awathandiza. Koma chimenechi achisankhe ndi mwini wake. Si kwa ife kunena m'malo mwake kuti tikumutchukitsa. Mbiri yokha siphika ndiwo. Ndiponso nyimbo ikangolowa m'mafoni, madzi atayika, saoleka. Chifukwa chake iye amene wapatsidwa nyimbo isanatuluke, kaya ndi wa m'kwaya momwemo, kaya ndi mbale wa wojambula, naitumiza kwa mnzake mmodzi yekha "kuti angomvako", akhoza kugwetsa ntchito ya chaka chonse tsiku lokhazikitsa chimbale lisanafike.

Za mnyamata wobena uja, sindimuyesa chigawenga. Kawirikawiri ndi mwana wathu yemwe, amene anamaliza sukulu napanda kupeza ntchito, ndipo ayenera kudya. Koma malonda ake ali pa katundu wa eni, ndipo wochita malonda ndi nyimbo za ena afunika chilolezo. Kugulitsa popanda chilolezo ndi mlandu umene munthu angalandidwe nawo zipangizo zake ndi kukaonekera kukhoti. Atate amene mwagulira mwana wanu kompyuta ya ntchito imeneyi, mtumeni akafunse ku COSOMA za chilolezo asanakumane ndi apolisi. Mawu akuti aliyense akuchita zomwezo, ukapeza anzako akukazinga maso nawe kazinga ako, sapulumutsa munthu pamaso pa woweruza.

Nanga inu amene makhadi anu adzala kale? Sindikuuzani kuti muwaponye m'chimbudzi. Koma m'menemo muli nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene zinakutonthozani pa maliro a mwana wanu, kapena zimene munavinira pa ukwati wa mlongo wanu, ndipo eni ake mumawadziwa. Kwaya imeneyo ikadzakhazikitsa chimbale, pitani, gulani chenicheni ngakhale nyimbozo muli nazo kale. Woyimba amene ali ndi nambala yolandirira ndalama pafoni, mtumizireni kangachepe. Ana akapempha ndalama yokabenetsa, afunseni kuti nyimbozo ndi za yani, kuti azolowere kudziwa kuti kuseri kwa mawu otuluka m'wailesi kuli munthu wa nyumba ndi ana.

Otsogolera makwaya, kwa inu ndili ndi mawu apadera, pakuti pa nkhaniyi inu mumakhala mbali zonse ziwiri, olakwiridwa ndi olakwira. Kwaya imamva nyimbo yokoma ku msonkhano wa makwaya, n'kuiphunzira, n'kuijambula pa chimbale chake osafunsa amene anaipeka, mwina osalemba ndi dzina lake lomwe. Patapita zaka ziwiri anthu ayesa kuti wopeka weniweni ndiye wakuba. Musanajambule nyimbo ya wina kuti mugulitse, mfunefuneni, mugwirizane naye, ndipo dzina lake lilembedwe. Nyimbo zanu zomwe, lembani m'buku la kwaya dzina la wopeka aliyense ndi chaka chimene anapekera, ndipo mugwirizaniretu, ndalama zisanabwere, kuti gawo la wopeka ndi liti, la kwaya ndi liti, la wojambula ndi liti. Makwaya ena amapasuka chifukwa cha phindu la chimbale choyamba. Opeka akalembetse ku COSOMA kuti nyimbo zawo zikaulutsidwa pa wailesi pakhale podziwira kumene ndalama zipite. Ndipo wa situdiyo kapena wamalonda akakubweretserani pepala loti musaine, musafulumire chifukwa cha ndalama imene waika patebulo. Litengereni kunyumba, mphunzitsi kapena munthu wina wodziwa alione, ndipo mufunse momveka ngati mukubwereketsa nyimboyo kwa zaka zowerengeka kapena mukuigulitsa mpaka kalekale. Pepalalo likhale la makope awiri, lina litsale m'manja mwanu, ndipo posaina pakhale mboni.